Funso limodzi lomwe landimasulira nkhani ya euthanasia, kufa mothandizidwa ndi dokotala

Mtima wakhala pansi tsopano. Kusiyana kwa dokotala wobaya jakisoni ndi dokotala wongolemba mankhwala kuti wodwala amwe yekha tonse tikukudziwa, anzanga a m'kalasi, ndiye sindibwerezanso. Chomwe chanditsegula mutu ndi funso loti lamulo lililonse limayeza chiyani pomulola munthu kufa mothandizidwa. Limayeza nthawi yomwe yamutsalira, kapena limayeza kuvutika kwake?

Ku Oregon, limodzi mwa maboma a ku America, lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1997 limayeza nthawi. Madokotala awiri ayenera kugwirizana kuti wodwala wa zaka 18 kapena kuposa apo, woganiza bwinobwino, matenda ake amupha miyezi 6 isanathe. Amapempha pakamwa kawiri, pakati pake padutse masiku 15 pokhapokha ngati imfa yayandikira kwambiri, komanso amalemba pempho pamaso pa mboni ziwiri. Mankhwalawo amamwa yekha.

Lamulo la ku Netherlands la 2002 silitchula miyezi n'komwe. Dokotala akhutire kuti pempholo ndi la mwini wake ndipo waliganizira mofatsa, kuti kuvutikako n'kosapiririka ndipo sikudzachepa, kuti wodwala wauzidwa zonse za matenda ake, kuti palibe njira ina yomveka, kuti dokotala wina woima payekha wamuona n'kulemba maganizo ake, komanso kuti ntchitoyo ichitike mosamala. Kuvutika kulibe tsiku lothera. N'chifukwa chake kumeneko munthu wa matenda a maganizo, kapena wa dementia (matenda a ubongo oiwalitsa zinthu), akhoza kuloledwa, pamene ku Oregon matenda amenewo paokha sangamuyenereze.

Apa ndiye ndamvetsa mkangano wa pakati pa aja amati ukangoyamba kulola, malire amangosuntha, ndi aja amatsutsa zimenezi. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni, koma aliyense akuloza lamulo lake. Malire a miyezi 6 ku Oregon sanasinthe, ngakhale zina monga zoti wopempha akhale nzika ya boma limenelo zinachotsedwa. Ku Canada nkhani ndi ina. Lamulo la 2016 linkafuna kuti imfa ikhale yooneka kuti ikubwera. Mu 2019 khoti la ku Quebec, pa mlandu wa Truchon, linati mfundo imeneyi ikuphwanya ufulu wa anthu ovutika koma osayandikira imfa, ndipo mu 2021 inachotsedwa. Tsopano munthu wotere amaunikidwa kwa masiku osachepera 90, ndipo kulola matenda a maganizo okhaokha kunaimitsidwa mpaka Malichi 2027. Ukanena kuti maziko ako ndi kuvutika ndi ufulu wa munthu, umavutika kufotokozera khoti chifukwa chomwe wamukanira wovutika wina.

Miyezo yonseyi ili ndi pomwe imalephera. Miyezi 6 ndi kuyerekeza kwa dokotala, ndipo ena amapitirira. Kuvutika nako palibe makina okuyeza, umadalira mawu a mwini wake. Ndiye mwini wakeyo akasiya kutha kulankhula? Ku Netherlands, mu 2016, dokotala wina anathandiza kufa mayi wa dementia potsatira kalata yomwe mayiyo analemba akadali bwino, atayamba wamuthirira mankhwala ogonetsa mu khofi. Khoti linamupeza wosalakwa mu 2019, ndipo khoti lalikulu linavomereza mu 2020. Onaninso kuti makomiti asanu omwe amaunika imfa zoterezi kumeneko, okhala ndi katswiri wa malamulo, dokotala ndi katswiri wa za makhalidwe, amakhala pansi munthu atamwalira kale.

Njira yomwe ndikuikhulupirira, mwina mopitirira muyeso, ndi kujambula tebulo la mizere inayi: lamulo likuyeza chiyani, wovomereza ndani, wochita chomaliza ndani, wounika ndani ndipo liti. Ikani dziko lililonse mmenemo. Ndikuona ngati tebulo limeneli likuposa mitu yonse ya m'buku la m'kalasi. Chondinyansa n'chakuti m'kalasi nthawi imathera pa mfundo za anthu anzeru akale ndi funso loti moyo ndi wa ndani, malamulo enieniwo n'kungowathamangira kumapeto, kenako mayeso akubwera akuti yerekezerani mayiko awiri. Nthawi yowerenga malipoti a chaka ndi chaka a ku Oregon ipezeka kuti? Chonsecho malipotiwo ndi omwe akuonetsa kuti zifukwa zotchulidwa kwambiri ndi kutaya ufulu wodzichitira zinthu, kulephera kuchita zomwe zinkawasangalatsa ndi kutaya ulemu, ululu uli m'munsi. Akuonetsanso kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu olemberedwa mankhwalawo sawamwa.

Komabe Switzerland ikukana kulowa bwino mu tebulo langa. Ndime 115 ya malamulo awo a milandu siyeza nthawi kapena kuvutika, imafunsa ngati wothandiza mnzake kudzipha ali ndi cholinga chodzikonda, ndipo mabungwe othandiza anthu kufa ngati Dignitas amagwira ntchito pa mpata umenewo. Mwina pakufunika mzere wachisanu. Ndipo kuti muyezo wabwino ndi uti, makamaka kwa munthu amene akupempha chifukwa sanapeze chisamaliro chochepetsa ululu kapena akudziona ngati mtolo kwa abale, pamenepo ndikadali njakata.