Ndadefenda, zikomo nonse amene munandinyamula

Abale anga apa Lusaka ndi akumudzi ku Katete, dzulo ndadefenda masters yanga ndipo mapulofesa anena kuti ndakhoza. Mulungu ndi wabwino, pandekha sindikanafika apa.

Ambiri mumandifunsa kuti kodi ku labu kuja umachita nazo chiyani mbewa, ndiye lero ndifotokozeko poti ntchitoyi munaigwira nane. Timafufuza zimene zimachitika m'mapapo chimfine cha influenza chikalowa. Mbewa zake si zakutchire zija ayi, ndi zakuda zobadwira mu labu zotchedwa C57BL/6, kachilombo kake ndi H1N1 kotchedwa PR8 kamene kanapezeka ku Puerto Rico mu 1934. Mbewayo timaigoneka ndi mankhwala, kuidonthezera timadzi ta kachilombo m'mphuno, basi m'mawa uliwonse pa sikelo. Masiku oyamba imangosewera bwinobwino koma sabata ikamatha ubweya umaimirira, imakakhala pakona itadzipinda, kupuma mwawefuwefu, thupi likutsika. Ikatsika kupitirira malire amene a komiti ya ethics, yoonetsetsa kuti nyama zisazunzidwe pofufuza, anaika suidikira kuti izunzike mpaka kufa, umaipumitsa. Chimenechi sindinachizolowere mpaka pano ndipo sindikufuna kuchizolowera.

Chimene chinandigwira mtima nchakuti kachilombo sikaononga mapapo kokha, chitetezo cha thupi nachonso chimaononga. Maselo a chitetezo otchedwa ma neutrophil amathamangirako, ena otchedwa ma CD8 T cell amapha maselo amene agwidwa ndi kachilombo, ma cytokine, timapuloteni totumiza uthenga, akungoitana maselo ena a chitetezo, ndiye zikapyola muyeso timatumba ta mpweya ta m'mapapo timadzaza madzi, kachilombo katachepa kale koma mbewa ikulephera kupuma. Zili ngati otentha tchire posaka mbewa, ukapanda kulambula m'mbali moto umakathera pa nkhokwe. Ndiye thupi lili ndi zoletsa zake, ma Treg, maselo oziziritsa chitetezo amene timawadziwa ndi puloteni yotchedwa Foxp3, komanso IL-10, cytokine yochepetsa kutupa, imene ma T cell omenya nkhondo omwewo amatulutsa ali m'mapapo momwemo. Ofufuza ena anapeza kuti ukatsekereza IL-10 mapapo amatupa kwambiri mbewa nkumafa, pomwe ena anapeza kuti kachilombo kakachuluka kwambiri mbewa zopanda IL-10 ndizo zimapulumukako bwino. Nkhani yagona pa nthawi ndi muyeso, ndipo apa mpamene ndinathera mutu wanga wonse. Komanso chimfine tisamachipeputse abale, cha mu 1918 chinapha anthu pafupifupi 50 miliyoni.

2024 sindidzaiwala. Chilala chija madzi atatsika ku Kariba magetsi ankapita pafupifupi tsiku lonse, usiku wina jenereta inakanika, firiza yosungira masampo pa madigiri -80 inazima, m'mawa ndinapeza masampo anga a mapapo atasungunuka, timachubu tikuyandama m'madzi pansi pa bokosi, zolemba zitafufutika. Ndinakhala pansi pomwepo ndikulira, osati chifukwa cha nthawi yokha koma mbewa zonse zija zinafa pachabe.

A supavaiza anga, simunandikalipire, munangoti tiyambirenso mwanangu, ndipo munakapempha nokha kuti andionjezere nthawi. Zikomo. Abambo osamalira nyumba ya mbewa, inu dzina lanu silili pachikuto koma ndinu munandiphunzitsa kugwira mbewa pakhosi osaipweteka, ndipo magetsi akapita usiku mumandiimbira ngakhale sinali ntchito yanu. Anzanga a mu labu amene tinkachezera limodzi pa makina owerengera maselo a flow cytometry tikugawana chibanzi chimodzi, ndimakukondani.

Amayi anga, tomato wanu wa ku Soweto Market ndiye analipira minibasi, mabandulo ndi renti nthawi imene ndalama ya sukulu inachedwa, mumadzuka kusanache miyendo ikupweteka koma simunadandaulepo. Amalume ku Chipata zikomo chifukwa cha laputopu. Amuna anga, mwasambitsa mwana, mwaphika nsima pa mbaula mumdima ine ndili pa kompyuta, anthu ankalankhula koma inu simunamvere. Amayi a Chigwirizano, mapemphero anu anafika. Agogo ku Katete, ufa ndi nsinjiro zija zinkafika nthawi yake yeniyeni.

Lamlungu likubwerali tikapereka chiyamiko kutchalitchi, tikaweruka kuli nsima kunyumba. Amene muli ndi nambala yanga imbani ndikulondolereni njira, mubwere ndi ana omwe.