Kamakina kothirira maluwa a m'nyumba: nkhani yagona pa mawaya ndi batire

Anthu akaona maluwa anga akudzithirira okha pa windo funso lawo limakhala la Arduino, kabodi ka kompyuta kolamula pampu, eti code (malangizo omwe umakalembera) unaphunzira kuti. Anzanga, code yake ndi timizere tochepa, mutu umapweteka pa mawaya ndi komwe moto ukuchokera.

Kuno ku Kasungu Okutobala akafika nyumba ya malata imasanduka ng'anjo, dothi la m'zidebe silichedwa kuuma, ndiye upite ku maliro ku Santhe kapena ku Chamama ukagone konko, pobwera upeza kambuzi wa pa windo wagwetsa masamba. Aneba amaseka, akuti anthu ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya kudambo iwe uli bize ndi maluwa a pabalaza. Asiyeni aseke.

Za pa soketi ine ndinakana kuyambira pachiyambi. Magetsi athu ndi 230V, ndowa ya madzi ili pompo, ana akuyenda opanda nsapato pa simenti yonyowa, ayi ndithu. Komanso ka timer kozungulira ka pa soketi kaja magetsi akathima nako kamaima, akayaka kamapitiriza pomwe kanalekera, mapeto ake kakuthirira 2 koloko usiku. Zonse ndinaziika pa 12V. Batire ndi ya njinga yamoto, ngati zomwe a kabaza amagwiritsa ntchito, ya 7Ah, imatchajidwa ndi ka sola ka 20W kudzera pa charge controller, kabokosi koteteza batire kuti isatchajidwe mopyola.

Pampu musavutike kuitanitsa kunja. Pitani ku galaja mukafunse kapampu kopopera madzi pa galasi la galimoto, nka 12V kale, ndipo mukakapeza ndi kathanki kake komwe ndiye bwino chifukwa sikakoka madzi kokha, kamafuna kakhale m'munsi madzi azikapeza okha. Koma kamadya moto, ma amp 2 kapena 3 kakamazungulira, pomwe pini imodzi (kabowo kolumikizapo waya) ya Arduino Uno inapangidwira 20mA, ikafika 40mA ndiye malire enieni. Poyerekeza ndi 20mA ija, pampu ikufuna moto wochuluka ka 100 kapena kupitirira. Mukalumikiza pampu pa pini mwawotcha bodi, basi. Arduino ntchito yake nkungolamula, wonyamula katundu ndi relay, ka switch komwe Arduino imayatsa ndi kuzimitsa.

Mawaya amayenda chonchi. Wofiira akangochoka pa + ya batire akumane ndi fyuzi ya 5A, pafupi penipeni ndi batire osati kumapeto, chifukwa batire ngakhale yaing'ono ikachita shoti imasungunula waya nkuyatsa katani. Kuchoka pa fyuzi agawike pawiri. Nthambi imodzi ilowe pa relay polembedwa COM, ituluke polembedwa NO (pomwe pamadutsa moto pokhapokha relay ikayaka) kupita ku + ya pampu, waya wakuda wa pampu abwerere ku batire. Pa NO, osati pa NC pomwe pamadutsa moto relay ikazima. Mukaika pa NC tsiku lomwe Arduino yazima pampu imayaka yokha nkukhuthulira ndowa yonse pa kapeti. Nthambi inayo ipite ku ka buck converter ka LM2596 kotsitsa 12V kufika 5V yoyendetsera Arduino, ndipo musanalumikize chilichonse tengani mita yoyezera ma volt, pokani ka sikuluu kali pa kabokosi kabuluu kaja mpaka mita iwerenge 5V, chifukwa kongochokera m'pepala kamatha kutulutsa pafupifupi 12V yonse.

Pali ka diode kakuda ka 1N4007, okonza mawailesi pamsika amakhala nato tambirimbiri. Kamangeni pakati pa mawaya awiri a pampu, mbali yomwe ili ndi kamzere kotuwa iyang'ane ku +. Mota ya pampu ikazimitsidwa mwadzidzidzi imabweza moto kumbuyo, ndipo popanda ka diode ako mumaona Arduino ikungodziyambiranso yokha pampu ikangoima, inu nkumaganiza kuti vuto ndi code. Kakatembenuka fyuzi ndi imene ikuuzeni. China, ma relay ambiri a Arduino amayaka pini ikakhala LOW (0V) osati HIGH (5V), ndiye yesani kaye ndowa ili kutali, muzingomvera ka "thi" kake.

Tsono chomwe ambiri sakhulupirira nchakuti womaliza batire si pampu. Tiwerengere limodzi. Pampu ya ma amp 2 ikayaka masekondi 30 kawiri pa tsiku yadya 0.03Ah chabe. Uno yangokhala phee, nyali zake zikuyaka, imakoka pafupifupi 50mA usana ndi usiku, ndipo mukaipatsa 12V mwachindunji pa pini yake yolandirira moto ya Vin ndi 1.2Ah pa tsiku, wambiri ukungotayika ngati kutentha. Kudzera pa buck converter umatsika kufika cha m'ma 0.6Ah. Batire za asidi sizifuna kutsitsidwa kupyola theka, ndiye pa 7Ah muli ndi 3.5Ah yokha, masiku 3 njira yoyambayo, 5 kapena 6 njira yachiwiri ngati sola siikutchaja, monga nthawi ya mvula ya mswera m'Januwale. Za power bank iwalani, zambiri zimadzizimitsa zikaona kuti chomwe chalumikizidwacho chikukoka moto pang'ono.

Sensa ya chinyezi, youza Arduino kuti dothi lauma, gulani ya mtundu wotchedwa capacitive, yakuda yathyathyathya. Ya mano awiri ija imadyeka m'dothi, pakangopita timasabata mkuwa wonse watha ndiye imayamba kunama kuti dothi lauma. Ndipo ngakhale sensa ikhale yabwino bwanji, mu code muikemo malire oti pampu isapyole masekondi 20 kapena 30 nthawi imodzi, kenako idikire maola angapo. Kapampu ka galimoto sikanapangidwire kuzungulira nthawi yaitali, kamapsa, makamaka madzi akatha.

Thanki ikhale pansi, zidebe pamwamba. Ikakhala pamwamba madzi amapitiriza kutsika okha m'paipi ngakhale pampu yazima. Kabokosi ka mawaya ndinakakhomera kukhoma pamwamba pa zonse, mawaya akuyamba atsika kaye asanakwere kulowa m'bokosi kuti dontho likatsata waya ligwere pansi. Aloe vera yekha ndinamuchotsa pa mzerewu, uyo madzi a tsiku ndi tsiku amamuoletsa mizu, ndimamuthirira pamanja ndikakumbukira.