Ku Melbourne 12 imaposa 13

Choyamba, a landilodi sindinawagwetse. Amene mukufalitsa zoti ndinawanyamula n'kuwaponya pa sofa mukundinamizira. Ndinangowakweza pang'ono, mapazi awo anasiyana ndi kapeti mwina masentimita 10, kenako ndinawabwezera pomwe ndinawapeza. Chachiwiri, kanema amene akuyenda m'mafoni mwanuyo anachita kumudula. Akuyambira pomwe ndikuvina. Sakuonetsa maola awiri ndi theka amene ndinakhala mwaulemu, manja pamaondo, ndikuwerenga zigoli ngati munthu wopita kusukulu.

Linali Loweruka pa 30 September 2023, fainolo ya AFL, ligi ya mpira wa chi-Australia, Collingwood ndi Brisbane Lions. Inu amene mwakhalitsa kuno mukudziwa mmene mzindawu umapengera sabata imeneyi. Boma la Victoria limapereka holide Lachisanu chifukwa cha mpira umene sunaseweredwe n'komwe. Tsikulo mu MCG, bwalo lalikulu la kuno ku Melbourne, munalowa anthu 100,024, ife otsala tinali m'makomo kuwotcha masoseji. Ine ndinali nditangotha miyezi itatu kuno, ndikukhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mdala wina ndi akazi ake, ndiye atandiitana kuti ndikaonere nawo sindikanakana. Munthu amene umam'patsa lendi mochedwa sum'kanira soseji.

Mdala ameneyu si wa ku Brisbane ayi. Anakulira ku Fitzroy, pafupi ndi Collingwood pomwepo, ndipo timu yake ya Fitzroy inatenga chikho komaliza mu 1944, iye asanabadwe. Mu 1996 timuyo itasauka anaiphatikiza ndi Brisbane Bears n'kuisamutsira ku Queensland, mdala n'kumaitsatirabe ngati mwana wamkazi wokwatiwa kutali. Collingwood ndiye amadana nayo ndi mtima wonse, chidani cha Maule ndi Noma n'chamasewera. Nditangolowa anandikoleka m'khosi sikafu yaubweya imene anati analuka ndi malemu mayi awo. Kunja kutentha kukuyandikira madigiri 30, ine thukuta kamukamu, koma sikafu ya malemu suivula.

Musandiuze za safunsa anadya phula. Ndinafunsa. Mwana wawo wamwamuna anandifotokozera malamulo akutembenuza nyama, kukamwa kuli buledi. Chimene ndinagwira n'choti mpira ukadutsa pakati pa mitengo iwiri yaitali, chimenecho ndi chigoli. Anayambanso kunena za sikisi ndi wani, koma mafuta anayaka moto, galu anauwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinati zokwanira, mpira ndi mpira. Ndaonera mpira pa Kamuzu Stadium kuyambira ndili wa kabudula, angandiphunzitse chiyani munthu wa epuloni?

Zimene ndinaona pa TV, abale, si mpira umene tinakula nawo. Bwalo ngati dzira, mpira ngati dzira, anthu 18 mbali iliyonse atavala malaya opanda manja ngati akupita kodula nzimbe. Goloboyi palibe, ukonde palibe, ofusayidi palibe. Munthu amakwera pamsana pa mnzake, bondo pakhosi, kuwakha mpira m'mwamba, bwalo lonse n'kuwomba m'manja. Kwathu khadi lofiira lingatuluke asanatere n'komwe, kuno khadi kulibe ndi lachikasu lomwe. Ndiye mitengo ya golo ndi inayi. Iwiri yaifupi ya m'mbaliyo ndinayesa ndi yokongoletsa.

Pansi pa sikirini panali manambala atatu kutsogolo kwa dzina la timu iliyonse. Ndinawayang'ana mofatsa n'kuwamasulira ndekha. Yoyamba ndi zigoli, zosachita kufunsa. Yachiwiri ndi makona. Yachitatu, imene inkangokwerakwera, ndi wotchi. Mundifunsa kuti wotchi ziwiri bwanji, ndipo bwanji zikusiyana? Nanenso ndinadzifunsa, n'kudziyankha kuti dziko la anthu olemera, timu iliyonse ili ndi yake. Panalinso kanambala kena kobwerera m'mbuyo, koma ako ndinakasiya, munthu sungadziwe zonse tsiku limodzi.

Ndipo masamu anga ankagwira ntchito, apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse. Popuma pakati zinali 9 kwa 9. Pomaliza chigawo chachitatu ife 11, iwo 10. Collingwood inkangophonya, kuphonya, kuphonyanso. Aliyense akaphonya ine ndinkaseka n'kumenya ntchafu, koma mdala ankabuula atagwira mutu. Ndinati koma munthuyu ndi wa mtima wabwino, mpaka kumvera chisoni adani ake. Bobby Hill uja, amene anatimwetsa zigoli zinayi n'kutenga mendulo ya Norm Smith, ya wosewera bwino kuposa onse mu fainolo, ndinam'khululukira, poti anzake ankangopezera timu makona opanda phindu.

Patatsala mphindi zisanu ndi kanthu Charlie Cameron anachinya. Nyumba inagwedezeka, mayi a m'nyumba anataya tchipisi, mdala anaimirira koyamba chiyambire. Ine pa zala zanga 12 kwa 10, nkhani yatha. Posakhalitsa Jordan De Goey anabweza chimodzi. Kenako Steele Sidebottom, munthu woti mutu wake ukuwala ngati wa ankolo anga, anaumenya kuchokera kutali, kupitirira mamita 50, mpira n'kulowa. 12 kwa 12. Ndipo tamverani izi: nthawi yomweyo wotchi ya Collingwood inakwana 90. Nainte! Aliyense wobadwa kwa mayi amadziwa tanthauzo la 90 mu mpira. Mtima unayamba kugunda, ndinati tsopano talowa mphindi zoonjezera, tikapanda kusamala tikuthera ku mapenate.

Mu mphindi zoonjezerazo Joe Daniher anawakha mpira, kutembenuka, kuumenya ndi lamanzere, pakati penipeni. 13 kwa 12.

Anthu anakuwa, koma anakhalanso pansi msanga, kumaluma zikhadabo. Ndinawamvetsa, chigoli chimodzi si chodalira. Kenako nyumba yonse inayamba kutukwana woimbira, nanenso ndinalowa nawo, ndikukuwa m'Chichewa kuti imba, imba bwanawe, nthawi yatha! Saireni italira ndinali kale m'malere.

Sindikudziwa kuti nthungululu ija inachokera kuti. Ine ndine mwamuna, chibadwire sindinaimbepo nthungululu, koma inatuluka yathunthu, ya paukwati wa mwana wa mfumu, lilime likuchita kunjenjemera. Ndinavula sikafu ya malemu n'kuyamba kuizunguza m'mwamba. Fani ya kudenga inaigwira nsonga, kuilanda, kuizunguza kawiri payokha, n'kuiponya m'mbale ya tomato sosi. Ine osaima. Ndinatsika pansi ndi chiuno, kukwera, kutsikanso, phazi lamanzere kutsogolo ngati wa beni, maso nditatsinzina. Ndinazungulira tebulo. Ndinapsompsona galu pamphumi. Mwana wawo uja, wa epuloni, ndinam'menya pamsana katatu n'kumuuza kuti akalota bwino lero. Kenako ndinafika pa mdala, amene anali chiimire, misozi ikutsika m'masaya, milomo ikunjenjemera. Ndinati taonani chimwemwe cha munthu wamkulu, zaka 20 akudikira. Ndi pamene ndinawakumbatira n'kuwakweza, ndikukuwa m'khutu mwawo kuti, “Bwana, tachita! Mulungu ndi wabwino, tachita!”

Ndili chiwanyamulire choncho ndinaona TV podutsa paphewa lawo. Anyamata a Collingwood, a zakuda ndi zoyera, anali ataunjikana, kukumbatirana, ena kulira. Ndinati akutonthozana, n'zabwino, ndi ana. Anyamata athu anali atagona chagada pa kapinga, manja kumaso. Ndinati kutopa, agwira ntchito. Mpaka apa mutu wanga unali ndi yankho pa chilichonse.

Chimene chinandisokoneza ndi bata. M'nyumba munali zii, moti ndinkamva fani ikulira ndi tomato sosi akudontha pa kapeti, tho, tho. Anthu 14 onse maso pa ine. Mayi a m'nyumba anali atagwira mbale ya saladi osaiika pansi. Mlamu wawo wina anali atakweza foni, ndi ameneyo anakupatsani kanemayo. Ndiye kuseri kwa mpanda, kwa aneba amene mdala salankhula nawo mwezi wa September uliwonse, kunamveka mawu okokera, a anthu ambiri, akuitana dzina la Collingwood. Mmodzi anasuzumira pawindo, nkhope atapaka zakuda ndi zoyera, n'kundikwezera chibakera. Anamva nthungululu yanga. Anadziwa kuti m'nyumba ya adani muli m'bale wawo.

Chiuno ndi chimene chinachedwa kulandira uthenga. Mutu unali utayamba kukayika, manja anali atawatsitsa kale a landilodi, koma m'munsimu munkagwedezekabe pang'onopang'ono ngati injini ya chigayo magetsi atazima. Mu kanemayo muwerenge, ndi masekondi asanu ndi awiri. Ine ndinawamva ngati chaka cha njala.

Mdala anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa, “Mwana wanga, iwe ndi wa Collingwood?”

Ndinati ayi bwana, ndingayambe bwanji, ine ndi wanu, tawina 13 kwa 12.

Palibe anaseka. Akanaseka bola. Amene anabwera ndi kamdzukulu kawo ka zaka zisanu ndi zitatu, mano akutsogolo kalibe. Kanandigwira dzanja, kundikhazika pa mpando wake wapulasitiki, n'kutenga mbale yapepala ndi cholembera. Chigoli ndi mapointi 6. Mpira ukadutsa pakati pa mtengo wautali ndi waufupi, kapena ukagunda mtengo wautaliwo, ndi pointi imodzi. Kanalemba pang'onopang'ono, lilime lili panja: 12 kuchulukitsa ndi 6 ndi 72, kuonjezera 18, zonse 90. Pansi pake 13 kuchulukitsa ndi 6 ndi 78, kuonjezera 8, zonse 86. Kanazunguliza 90, n'kundifunsa ngati ndamva kapena kabwereze. Ine amene ndinakwera ndege zitatu kudzaphunzira za akaunti, maondo ali m'chibwano pa mpando wa mwana, ndinati ndamva, zikomo.

Koma tiyeni tinene chilungamo. Masewera anji amene munthu ukaphonya amakulipira? Makona anga aja, onse 18, anali malipiro a kuphonya. Collingwood inaphonya maulendo 18 n'kutenga chikho chake cha nambala 16, ife tinachinya zambiri n'kupita kunyumba ndi manja. Lamulo limeneli likanakhalapo kwathu, Flames bwenzi ili ndi makapu osowa poika. Ndipo amene anaika 90 pa sikirini pomwe mpira ukutha, ankafuna mlendo aganize chiyani? Ndinayesa kuwafotokozera mdala mfundo imeneyi madzulo omwewo, kuti kunena zoona kulikonse padziko lapansi iwo ndi akatswiri. Anangotola sikafu ya mayi awo m'mbale muja, kuifinya, n'kupita kukagona 6 koloko dzuwa lisanalowe.

Sikafuyo ndinaichapa ndine, pamanja, katatu. Inafupika. Lendi ya October ndikanapereka pa 28 September wa chaka chimenecho ndikanatha, koma poti masiku sabwerera ndinapereka Lolemba m'mamawa, n'kutchetchanso kapinga osatumidwa. Neba wa Collingwood uja mpaka lero akandiona pa siteji ya tramu amandikwezera chibakera, ndipo ndinapeza botolo la mowa pakhomo panga limene ndinalibisa m'chikwama ngati chamba.

Chaka chotsatira, 2024, Brisbane inafikanso mu fainolo n'kuswa Sydney 120 kwa 60. Anandiitananso, mwina mayi ndi amene anawakakamiza. Ndinakhala pakona ndi kakyuleta, chigoli chilichonse ndikuchulukitsa ndi 6. Saireni italira nyumba yonse inali m'mwamba, mdala akulira, galu akuuwa, ine chikhalire ndikubwereza masamu kachiwiri. Ndinapita kwa kamdzukulu kaja kukafunsa ngati n'zololedwa tsopano. Kanati eya. Pomwe ndimaimirira kuti ndiyambe anthu anali atatuluka kale panja kukaona nyama, ndiye ndinangothandiza mayi kusonkhanitsa mbale.

Amene mukundiitana kuti a Makona, ndakumvani. Wa kanemayo afufute, kapena aike yense.