Anasiya koleji osatsanzika, ngongole inatsala ikumudikira

Mng'ono wanga anasiya koleji pakati pa semesita, zinthu zinali zitavuta pakhomo nde anangolongedza katundu wake nkubwerako. Osalemba kalata, osasayina fomu iliyonse, iye mmutu mwake ankati poti sakulowanso mkalasi basi nkhani yatha. Patatha chaka anapita kukatenga transcript, pepala lija losonyeza makosi ndi magiredi ake, kuti akayesere kwina, mayi wa ku ofesi ya zandalama sanayankhule zambiri, anangotembenuza kompyuta nkumulozera ndi cholembera. Fizi ya semesita yonse ili pa dzina lake ngati anakhala mpaka mayeso.

Ine ndinapsa mtima, ndinati kumeneku nkuba masanasana. Koma nditafukula pepala lija tinasayina polowa, lomwe palibe analiwerenga, zonse zinalimo. Sukulu zambiri siziwerengera tsiku lomwe unasiya kubwera, zimawerengera tsiku lomwe kalata yako yosiya yalandiridwa ku ofesi. Ukatsanzika masabata oyambirira amakuchotsera gawo lalikulu la fizi, masiku akamapita gawolo limanka lichepa mpaka pamafika poti sachotsanso kanthu. Sukulu zina zapulayiveti zimafuna uwadziwitse kudakali temu yathunthu, ukapanda kutero ulipira temu yomwe mwana sanapondeko nkomwe. Ku America kulinso kamsampha kena, wophunzira wothandizidwa ndi ndalama za boma akasiya asanadutse 60% ya semesita sukulu imabweza ku boma gawo la ndalamazo, kenako nkutembenukira mwana yemweyo kuti alipire.

Zoti sukulu ifune ndalama zake ndikumvetsa, malo anamusungira, aphunzitsi analipidwa. Chomwe chimandivutabe nchogwira transcript. Munthu akufuna pepala lomwelo kuti apeze ntchito kapena apitirize maphunziro, inu mwalitsekera mu kabati, nde ndalama yokubwezeraniyo aitenga kuti? Ku California, dera lina la ku America, anaona zomwezi, kuyambira 2020 makoleji kumeneko saloledwa kukaniza transcript chifukwa cha ngongole. Kwina amakutseka osalembetsanso makosi, ukangoti zii kwa nthawi yaitali amapereka dzina lako kwa makampani otolera ngongole, ndipo amenewo alibe zoti tikambirane ngati anthu.

Ife tinabwererako awiri, tinapempha kumalipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi ndipo anavomera, ndinaonetsetsa kuti atilembere papepala ndi chidindo chomwe. Kwatsala miyezi iwiri, malisiti onse ndikusunga ine, transcript ikadali mu kabati muja.