Miyezi isanu ndi iwiri ndikulimbana ndi siliva, vuto lili pa kasikuluwu

Loweruka lapitali C wa pansi, noti imene inkakana kulira pa chitoliro changa (flute), anatuluka. Anatuluka wodzaza, osati kaphokoso ka mphepo kamene ndakhala ndikumva kuyambira Novembala. Ndinakhala pakhonde chitoliro chili pamiyendo ndikuseka ndekha, mpaka mayi anasuzumira kuchokera kukhitchini n'kufunsa ngati wina wanditumizira ndalama.

Nkhaniyi ndi ya ife a zitoliro zachitsulo zopanda dzina, zija amalume amabwera nazo kuchokera ku Joni, m'kabokosi kakuda momwe mumakhalanso magolovesi oyera ndi kasikuludiraiva. Za kagwiridwe ndi kaikidwe ka milomo sindinenapo, mukuzidziwa kale.

Changa chinafika chikunyezimira moti munthu akhoza kumetera ndevu. Papepala la m'bokosi analemba kuti siliva. Manoti a pansi atayamba kukana, ndinangoti basi andipusitsa, chitsulochi n'chabodza. Choncho m'malo mophunzira nyimbo ndinayamba kuphunzira zitsulo.

Thupi la zitoliro zambiri zotchipa ndi chosakaniza cha kopa, nikelo ndi zinki. Amachitcha nickel silver, koma mulibe siliva ngakhale kadontho. Pamwamba amakutirapo siliva kapena nikelo pogwiritsa ntchito magetsi, ndipo chikutocho n'chopyapyala moti amachiyeza m'ma micron, pomwe ma micron 1000 ndiwo milimita imodzi. Cha siliva weniweni chimakhala ndi chidindo cha 925, kutanthauza magawo 925 a siliva pa 1000, ngakhale kudinda manambala atatu pachitsulo si ntchito yovuta kwa munthu wofuna kugulitsa.

Kusiyanitsa zikuto ziwirizi n'kosavuta ukaziika pamodzi padzuwa la m'mawa. Siliva ndi woyera ngati mkaka. Nikelo amawala ngati galasi, kuyera kwake n'kozizira, kopendekera ku phulusa. Nikelo amaterera manja akachita thukuta, ndipo ena amatuluka naye zidzolo pachibwano. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti amene amathimbirira n'kuda ndi siliva, chifukwa cha salufa wa mumpweya. Ndiye chitoliro chimene chikungowala chaka chonse osapukuta, mwina ndi cha nikelo. Ine ndinatenga kachikasu ka dzira lophika n'kupaka pansi pa chigawo cha kumapeto, pamalo posaoneka. Patapita nthawi panatsala kabanga kofiirira, kamene kanachoka nditapukuta ndi kansalu. Maginito musavutike nawo, amakoka masipuling'i ndi timitsulo togwira makiyi (tizivindikiro ta pamabowo todina ndi zala), n'kukusokonezani chabe.

Ndiye chikuto changa ndi cha siliva ndithu, ngakhale pomwe pamakhala chala chachikulu cha kumanja payamba kale kusupuka, pansi pakuoneka chitsulo chotuwa mwachikasu. Mlongo wanga anafuna kuchikwecha ndi phulusa ngati poto, ndinachita kuchilanda m'manja. Musayerekeze, ngakhale ndi mankhwala otsukira mano.

Siliva ndinamupeza, koma C sanatuluke.

Chinanditsegula mutu ndi nkhani ya John Coltman, wasayansi wa ku America amene mu 1971 anayesa zitoliro zitatu zofanana kukula, china cha siliva, china cha kopa, china cha mtengo. Omvetsera analephera kuzisiyanitsa. Ndinawerenga kawiri, kenako ndinayang'ana njinga ya kabaza itatsamira pampanda wa aneba. Chubu chikakhala ndi kabowo, utoto wa njingayo ulibe ntchito. Chimene chimalira m'chitoliro ndi mpweya wa mkatimo, ndipo kuti C wa pansi atuluke, mapadi onse (timakhushoni ta kunsi kwa makiyi) kuyambira pamwamba mpaka kumapeto ayenera kutseka mabowo awo kwathunthu. Padi imodzi ikasiya mpata ngati wa tsitsi, mpweya umathawira pomwepo. N'chifukwa chake manoti a pamwamba ankatuluka: safuna mabowo ambiri otseka. Zija amati chikomekome cha mkuyu, ine nyerere ndinkazisaka pakhungu.

Njira yopezera potayikira mpweya ndi imene ndafuna kukuuzani kwenikweni. Ndinatenga kaseti yakale ya kwaya m'katoni ya bambo, ndinadula katepi kotalika ngati chala, n'kukamata kunsonga kwa kamtengo ka machesi. Umalowetsa katepiko pansi pa padi, n'kutseka kiyi ndi mphamvu imene umaimbira, osafinya, kenako umakoka pang'onopang'ono. Kayenera kugwira. Umatero mbali zinayi, ngati pawotchi: pa 12, pa 3, pa 6 ndi pa 9. Mapadi a kumanzere onse anagwira. Nditafika pa kiyi ya F, katepi kanangosololoka ngati palibe chimene ndatseka.

Makiyi a F, E ndi D, iliyonse ikatsika imatsitsanso padi ya F#, imene simakhala chala. Pa changa, kasikuluwu kolumikiza F kanali komangitsa, moti F# ankafika pansi msanga, F mwini n'kutsala lende. Miyezi yonseyi ndinkafinya zala mpaka kuwawa kuti F, E ndi D amveke, koma pa C chinyengocho chinkakanika. Ndinamasula kasikuluwuko pang'ono zedi, osafika n'kotala yomwe, ndinayesanso ndi katepi mapadi onse awiri, ndipo ndinauzira.

Pano katepika ndimayenda nako m'kachikwama ka ndalama. Kwa ine munthu wogula chitoliro chopanda dzina osakoka katepi akungoponya ndalama mu Linthipe. Mnzanga wa ku Bembeke ankanyadira chake chifukwa n'chopaka mtundu wa golide pamakiyi; tinapeza mapadi atatu otaya. Inde palinso zina. Gwedezani kiyi chammbali muone ngati ikuseweraseweretsa. Lowetsani kandodo kopukutira m'chigawo cha kumutu, kamzere kake kaoneke pakati penipeni pa bowo louzira, chifukwa chitsekero cha mkati mwa chigawocho chimayenera kukhala mamilimita pafupifupi 17 kuchokera pamenepo. Koma zonsezi ndimaziika pambuyo pa katepi.

Chimene chikundiwawabe ndi aphunzitsi athu. Amabwera kamodzi pamwezi kuchokera ku Lilongwe ndi chitoliro chawo cha Yamaha. Katatu konse ndinawauza kuti, "Aphunzitsi, mwina chitolirochi chili ndi vuto, tachiyesani." Yankho linali limodzimodzi: "Iwe limbikira, milomo yako sinakhwime." Akanangochitenga n'kuuzira kamodzi, akanamva pomwepo. Ndikudziwa tilipo ambiri, ndipo amathamangira minibasi kusanade. Komabe ndinatsala pang'ono kusiya, ndikudziona ngati mbuli ya gulu lonse. Nthawi yoyeserera yomwe ndi yochita kuba, pochokera kudimba la kachewere, ndipo Juni wa kuno ku Dedza mukumudziwa: zala zimauma, chitoliro chozizira chimatsika mawu, madzi amadzadza mkati usanamalize nyimbo imodzi. Nthawi yochepa imeneyo ndinaithera pa C mmodzi.

Lero ndi Lachinayi, ndipo C uja wayambanso kupepuka. Katepi kakugwira pa F, koma mbali ya pa 6 sikakugwira ngati Loweruka. Kaya kasikuluwu kakudzimasula kokha, kaya kiyi ndi yofewa ndipo ndinaipinda ndi kufinya kwa miyezi ija, kaya padi yafufuma ndi chinyezi. Mwinanso aphunzitsi aja sanalakwitse zonse pa za milomo. Ndili pakati, kuyamba kusunga ndalama za Yamaha yogwiritsidwa kale ntchito, kapena kupitiriza ndi kasikuludiraiva kanga mpaka tsiku limene ndidzamasule cholakwika. Loweruka ndikayesa chitoliro cha mnzanga wina ku Lizulu, ndimve ngati C wanga atuluke pamenepo.