Kamphaka kapena mphaka wamkulu? Zomwe zinandichitikira ine

Kuno ku Nkhotakota mpunga ukangolowa m'nyumba makoswe nawo amabwera ndi mtundu wawo wonse. Chaka chatha anandiboolera matumba atatu a kilombero, ndiye ndinati basi ndipeze mphaka. Ana anakakamira kuti amama tikufuna kakang'ono, ndipo zoona kamphaka kamasangalatsa, ndinakatenga kwa aneba kali ndi masabata anayi okha. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa. Kamphaka kamayenera kuyamwa kwa mayi ake masabata osachepera 8, koma ine ndinkangokathirira mkaka wa ng'ombe m'kambale ndikumati ndikukachitira zabwino, osadziwa kuti mkaka umenewu amphaka ambiri umawatsegula m'mimba. Kanaonda, utitiri thupi lonse, sabata yachitatu tinakakwirira kuseri kwa bafa. Chitsiriza wanga analira tsiku lonse ndipo ine mpaka pano zimandiwawa.

Patapita miyezi iwiri azakhali akusamukira ku Lilongwe anandiitana, amvekere "mwanawe tenga mphaka wangayu, kutauni sindipita naye." Wamkazi, wa zaka zitatu. Aliyense amandiuza kuti wamkulu sazolowera, abwerera komwe wachokera, ndipo si bodza ayi, mphaka amakonda kwambiri malo omwe anazolowera. Ndiye ndinamutsekera m'chipinda momwe timasunga mpunga masabata awiri athunthu, beseni la mchenga wa kunyanja pakona, madzi, ndi usipa wopanda mchere wosakaniza ndi nsima pang'ono. Masiku atatu oyamba anangobisala kuseri kwa matumba kumalira usiku wonse mpaka bambo akunyumba anayamba kudandaula kuti tingomutsegulira azipita, ine ndinakana. M'mawa wina ndikutsegula chitseko ndinapeza khoswe wamkulu ali gone pakhomo, mwini wake akudzikhula m'miyendo mwanga.

Chomwe ndinakondera wamkuluyu n'choti khalidwe lake limakhala lodziwika kale. Azakhali anandiuziratu kuti sagwira anapiye, sakwera pathandala pomwe tayanika nsomba, koma safuna kunyamulidwa, ndipo zonsezi zinali zoona. Kamphaka sungadziwe kuti kadzakhala kotani, komanso pamatenga miyezi kuti kayambe kugwira makoswe, nthawi yonseyo ukukalondera kuopa agalu ndi akabawi. Ngati muli ndi nthawi komanso munthu wokhala pakhomo tsiku lonse, katengeni, kamakula limodzi ndi ana ndipo kamawazolowera bwino. Koma ngati mumalawirira kudimba kapena kumsika ngati ine, ganizirani wamkulu, amene anthu amangowasiya m'mabwinja akamasamuka.

Kaya wamkulu kaya wamng'ono, katemera wa chiwewe musazengereze, afunseni alangizi a ziweto. Ine ndinamubayitsa sabata yomwe anatuluka m'chipinda muja.

Chomwe sindinakonzekere ndi bere. Mphaka amakhala ndi bere miyezi iwiri yokha, ndipo wamkazi amatha kutenga bere asanakwane ndi miyezi 6 yomwe. Pano ali ndi tiana tinayi m'katoni pansi pa bedi, tikaleka kuyamwa ndikufuna ndipite naye ku LSPCA, bungwe losamalira nyama ku Lilongwe, akamutseke kuti asamaberekenso. Dzulo alamu anga a ku Dwangwa anabwera ndi kadengu kuti atengeko kamodzi. Ndinawauza kuti alamu pepani, tianati tili ndi masabata atatu okha, mudzabwere mwezi wamawa kumapeto. Anabwerera ndi kadengu kawo kopanda kanthu.