Mzere wa BP ya mayi woyembekezera wandilowa tsopano

Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi mutu wa amayi oyembekezera odziyeza BP kunyumba, ndipo usiku wathawu m'pamene wandilowa. Mtima wakhala pansi, anzanga.

Za 140/90, malire a BP yokwera, ndi mapuloteni mumkodzo, zomwe ndi zizindikiro za preeclampsia (matenda oopsa a BP yokwera pa mimba), sindibwereza, tonse tinaziloweza m'kalasi. Chinkandizunguza mutu n'chakuti ngati mayi amayezedwa kale kusikelo, kumupatsa kachipangizo koti azidziyeza n'kumatumiza manambala pafoni kukuwonjezera chiyani?

Ndinatenga pepala n'kujambula mzere wa BP kuyambira kumayambiriro kwa mimba mpaka sabata 40. Umayamba watsika chifukwa mitsempha yamasuka, pakati pa mimba umafika pansi, kenako umakweranso pang'onopang'ono. Cholembera chili m'manja choncho, ndinaona. Mayi amene pa masabata 20 anali pa 100/60 ndipo lero ali pa 132/86 sanadutse malire, komatu wayenda mtunda wautali. Mzamba kusikelo amaona tsiku limodzi. Wina tsikulo mantha amukwezera BP, wina imaoneka bwinobwino pamene kunyumba imakhala yokwera. Manambala a tsiku ndi tsiku amaonetsa kumene mzere ukulowera. Basitu, kumene ukulowera! Preeclampsia siyembekeza tsiku la sikelo.

Ine ndikuti aliyense ajambule mzerewu ndi dzanja lake. Palibe njira ina yoposa imeneyi, ngakhale muwerenge mabuku khumi. Ndikufuna mitu yonse yotsala ndiziiphunzira chonchi.

Chondiwawa n'chakuti m'kalasi mutuwu anangouthamangira mphindi 20, kachipangizoko sitinakagwire n'komwe. Zoti lamba wa kachipangizoko akakhala wamng'ono pamkono waukulu amakweza nambala ndinadzionera ndekha poyeza mnzanga, titasintha lamba nambala n'kutsika. Zoti zipangizo zina zosayesedwa pa amayi oyembekezera zimatha kuonetsa nambala yotsika kwa wodwala preeclampsia, palibe anatchulapo. Mayeso nawo ali pakhomo, nthawi yofunsa kulibe.

Komabe pali chinthu chikundisowetsa mtendere. Kafukufuku wa BUMP wa ku England, amene anatuluka mu 2022, anatsata amayi opitirira 2,400 omwe anali pachiopsezo, ndipo kudziyeza sikunapangitse kuti BP yokwera idziwike msanga kuchipatala. Ndinayembekeza zosiyana ndi zimenezi. Ndikuganiza kuti nambala ikatumizidwa pamafunika munthu woiwerenga n'kuimba foni tsiku lomwelo, makamaka ikafika 160/110 kapena mayi akanena kuti mutu ukuwawa kwambiri ndipo akuona zinthu mbuu. Mwinanso phindu lenileni lili pambuyo pochira, poti BP imakonda kukwera pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chimodzi, nthawi imene amayi ambiri ali kale kunyumba ndi khanda. Kapena mzere wangawu ndikuukhulupirira mopitirira? Apa ndiye ndikadaganizabe.